Mpando wa Wokwera Wabodza

Minibasi ya ku Euthini inaima pa depoti ya Mzimba, injini ikulira ngati inyamuka pompo. Kondakitala atangoona njinga yanga ya olumala, anatchinga pakhomo.

"Yadzaza, mama. Dikirani ina."

Ina iti? Ziwiri zinali zitandisiya kale ndi mawu omwewo. Ine ndaphunzitsa sukulu kuno zaka zambiri, ndipo chinyengo cha pa depoti ndimachidziwa. Ena okhala m'katimo sapita kulikonse. Ntchito yawo n'kungokhala phee kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo wokwera weniweni akabwera, mmodzi amatsika.

Ndinapalasa njinga yanga n'kukaima kutsogolo kwa minibasiyo, n'kumanga mabuleki. Dalaivala analiza hutala mpaka kutopa. Sindinasunthe.

"Mukufuna kufa, mama?" anakuwa motero.

"Ndikufuna kukwera! Bambo a chipewa chofiirawo ndinawaonanso m'minibasi ziwiri zija. Ku Euthini afikako kangati lero?"

Anthu anafa nalo phwete. Bambowo anatsika nkhope ili pansi, mpando wa pakhomo n'kutsala wopanda munthu.

Kondakitala anakanda m'mutu. "Nanga njingayi tiika pati?"

Ndinamulozera mbuzi imene anaigoneka kumbuyo, pamwamba pa matumba a chimanga.

"Mbuzi mwaipezera malo. Anthu osapita kulikonse mwawapezera malo. Ine wa ulendo weniweni ndiye ndakukanikani? Inyamuleni, muimange bwinobwino, osaiponya ngati thumba la makala. Imeneyotu ndi miyendo yanga."