Lista ya Anthu Asanu ndi Awiri

Délcia anali pa makina ake osokera, pakhonde la nyumba yawo ku 25 de Setembro, dera lina la ku Moatize, pamene foni inayamba kulira mosalekeza. Uthenga unali umodzi koma wochokera m'magulu onse ochezera pa foni: chapa yagubuduzika pafupi ndi Nkondezi, anthu afa.

Mwamuna wake, Aniceto, ankayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Moatize ndi Zóbuè, ndipo m'mawa umenewo ananyamuka mvula ikugwa. Délcia anamuimbira. Foni sinalowe. Anaimbanso kanayi.

Anatsegula gulu la kutchalitchi, munali mapemphero okhaokha. La akazi a anthu a kumgodi linali ndi chithunzi cha galimoto yopsa, wina n'kuyankha kuti chimenecho n'chachaka chatha. Wina akuti afa atatu, wina khumi. Pakati pa zonsezo wina ankatsatsa nkhuku. Akati awerenge uthenga umodzi, makumi awiri anali atagwera kale pamwamba pake.

Argentina, mnansi wake wogulitsa zovala kudzera pa foni, anamupeza atakhala pansi.

"Mana Argentina, sindikuona kanthu. Aliyense akulankhula."

"Bweretsani kuno foniyo, mai a Celso. Amene akulankhulawa ali pamipando kwawo. Ndiuzeni amene ali pamsewuwo lero."

Délcia anayamba kutchula. Ezequiel, wotolera ndalama m'chapa ya Aniceto. Madalaivala anzake atatu. Mayi wina wogulitsa mbatata pa Zóbuè. Msuweni wake wa ku Nkondezi. Ndi Isménia, mkazi wa dalaivala Sidónio, amene nthawi zonse ankamva zapamsewu msanga. Argentina anawaika onse pa lista imodzi, magulu enawo n'kuwatseka pakamwa.

"Yang'anani apa pokha. Kwinako musatseguleko."

Foni inangoti zii. Délcia analembera onse asanu ndi awiri funso limodzi, n'kudikira. Kungokhala chete kwa foniyo kunamuwawa kuposa phokoso lija.

Anayamba kuyankha mayi wa mbatata: a Aniceto anachoka pa Zóbuè cha m'ma naini, chapa itadzaza. Kenako Isménia: "Inenso a Sidónio sakuyankha. Mukamva mundiuze." Patapita nthawi msuweni anatumiza chithunzi chimene anajambula yekha. Chapa yoyera, matayala m'mwamba, m'matope.

"Ya amuna anu ndi yoyera?" anafunsa Argentina.

"Zonse n'zoyera, mana."

Anakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka chinangokhala mabanga. Nambala sinkaoneka.

Dzina la Ezequiel litawala, Délcia analephera kuligwira. Argentina ndiye anatsegula uthenga wamawuwo. Mnyamatayo ankalankhula mwaphuma, injini ikulira kumbuyo.

"Mayi, tili bwino. Ife tinali kumbuyo kwawo. Tatsitsa anthu athu, tanyamula ovulala, tikuthamangira kuchipatala ku Moatize. Foni ya abwana yagwera m'madzi pokoka anthu. Yagwayo ndi ya a Sidónio. Iwowo atisiya pomwepo."

Délcia anagwira chitseko. Analira pang'ono, osadziwa kuti akulirira chiyani kwenikweni. Foni inaliranso. Anali Isménia: "Mwamvapo kanthu?"

Délcia anayang'anizana ndi Argentina.

"Musalembe," anatero Argentina. "Zimenezi sanenera pa foni."

"Koma magulu aja amuuza tisanafike. Aika ndi chithunzi chomwe."

Isménia ankakhala kuseri kwa msika, ulendo wa mphindi khumi. Délcia anamulembera kuti, "Ndikubwera komweko, musatsegule magulu," n'kumanga kapulana, chitenje chake, m'chiuno. Anathamanga m'matope akuda ndi fumbi la malasha, Argentina akumutsatira.

Anamupeza ataima pachipata, mwana kumsana, foni m'manja. Anali asanatsegule magulu aja. Ataona nkhope za awiriwo anamasula mwanayo pang'onopang'ono, n'kumupereka kwa Argentina, kenako anakhala pansi pomwepo. Délcia anagwada pambali pake n'kumugwira mapewa, ndipo anamuuza.