Mipando Makumi Awiri ndi Inayi

Ndayendetsa basi ya ana a sukulu kuno ku Manitoba zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinaiwalepo mwana m'basi. Koma mutu wangawu sumva zimenezo.

Lamulo lake n'lakuti ukatula ana n'kubweza basi kugalaja, uyende mpaka kumbuyo kuona ngati wina sanagone pampando, kenako udine batani lofiira. Ndinkayenda ndithu, n'kudina. Koma ndikangokwera galimoto yanga n'kufika pa maloboti achiwiri, kamawu kankayamba: kodi pansi pa mipando unasuzumira? Nanga bwanji ngati kamwana kagona m'menemo, ndi chisanu chimenechi? Ndinkakhota n'kubwerera. Masiku onse ndinkapeza mulibe munthu.

Wovutika anali amuna anga, a Alvin. Impso zawo zinafooka, ndiye katatu pa sabata amakatsukitsa magazi pa makina, n'kutuluka 10 koloko ali ofookeratu. Wokawatenga ndine. Mu Januwale mokha ndinawadikiritsa kasanu ndi kawiri. Sankadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkanditopetsa kwambiri.

Lolemba lina Gwen, woyendetsa basi nambala naini, anandipeza ndikutsegulanso chitseko cha basi yanga. Mayi ameneyu pakamwa alibe mabuleki.

"Iwe Lorna, wabweranso? Basiyi ndi chibwenzi chako kodi?"

"Ndisiye. Sindikukumbukira ngati ndinayang'ana."

"Ungakumbukire bwanji? Ndimakuonatu ine. Miyendo ili m'basi, mutu uli kuchipatala. Ukafika kuchipatala, mutu uli m'basi. Mkuja uvule magolovesi, ugwire mpando uliwonse, unene mokweza zimene ukuona. Kamawu kam'mutu kokuuza kuti ubwerere kakabwera usakangane nako. Kaleke kalongolole, iwe uzingomvera mpweya wako. Ine anandiphunzitsa kuchipatala banja langa litatha."

Zinandikwiyitsa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, kuphunzitsidwa kupuma! Koma ndinali nditatopa, mphamvu zotsutsa ndinalibe.

Lachitatu ndinachita. Ndinavula magolovesi, zala zinayamba kuwawa pomwepo. "Woyamba, wozizira, palibe munthu. Wachiwiri, chingamu chomata." Ndinkamveka ngati wazungulira mutu. Pa wachisanu ndi chitatu maganizo anathawira ku impso za a Alvin, ndinawabweza. Pa wakhumi ndi chimodzi panali pong'ambika, thonje likutuluka. Zaka zonsezi sindinapaonepo. Ndinagwada, mawondo akulira, n'kusuzumira pansi mpaka kumapeto. Khoko la lalanje basi. Ndinadina batani.

Pa maloboti achiwiri kamawu kaja kanafika pa nthawi yake. Ndisaname, mtendere sindinaumve. Kanati, bwerera, n'mphindi khumi zokha. Ndinapuma kamodzi, ndikumva mpweya wozizira m'mphuno. Kachiwiri. Kanapitiriza kulongolola, ine ndikumva chiwongolero m'manja. Maloboti anasintha, wam'mbuyo analiza hutala. Ndinapita molunjika.

Ndinafika kuchipatala kutatsala mphindi zisanu, n'kuima pafupi ndi khomo. A Alvin anatuluka m'chipinda cha makina akukoka miyendo. Kukhomo sanayang'aneko n'komwe. Analunjika pabenchi ya pakona, anatulutsa kabulangete m'chikwama n'kufunda m'miyendo, anaika fulasiki pambali, nayamba kumasula buledi wokulunga m'pepala. Zonsezi ankachita mozolowera. Sindinkadziwa kuti m'chikwamamo mumakhala zimenezi.

Ndinawayandikira. Anandiyang'ana, anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kundiyang'ananso.

"Kwagwanji, Lorna? Akuchotsani ntchito?"

"Ayi. Ndabwera kudzakutengani."

"Msanga chonchi?"

"Ndiyo nthawi yaketu, bambo."

Anayamba kupinda bulangete lija mofulumira ngati ndawagwira akuba. Manyazi anandigwira ine. Ndinawagwira dzanja n'kukhala pabenchipo.

"Idyani kaye," ndinatero. "Lero ndikudikirani ndine."