Chimanga cha M'mbali mwa Njanji

Bizwick anali mkamwini pamudzi wina kufupi ndi Namitete, pamene njanji yopita ku Mchinji imadutsa m'mphepete mwa dambo. Kwawo kunali ku Kabudula. Anabwera kudzakwatira Tisiyenji, mwana wa aNambewe, ndipo anabereka naye ana awiri aakazi, Mtendere ndi Vainess. Tisiyenji atamwalira, aliyense ankadziwa chotsatira: mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana amatsala ndi eni mbumba. A Hudson, mlongo wawo wa aNambewe, anaikumbutsa nkhaniyo kangapo. Koma aNambewe ankangoti, "Musiyeni kaye, anawa misozi sinaume." Choncho Bizwick ankakhalabe m'nyumba imene anamanga ndi manja ake, akudziwa kuti chimene chikumusunga pafupi ndi ana ake ndi mawu a munthu mmodzi yekhayo.

Komatu munthu ameneyu Bizwick anali asanalankhulepo naye maso ndi maso. Ndi mmene analeredwera onse awiri. Mkamwini akaona apongozi akubwera m'njira, amapatukira kutchire mpaka adutse. Kale mawu ankadzera kwa Tisiyenji. Tsopano ankadzera kwa Amosi, mlamu wake, munthu wosatha kunena chinthu osachithira nthabwala.

Kuntchito Bizwick anali kapitawo wa gulu la anthu okonza njanji. Ankamanga mabawuti, kubwezera miyala pamene madzi akokolola, kutsegula ngalande ndi kutchetcha udzu. Chaka chimenecho eni njanji ananena kuti ntchitoyi adzaipitiriza ndi kampani yokhayo imene ili ndi satifiketi yotsimikizira kuti imayendetsa zinthu mwadongosolo. Ndiye m'mwezi wa Okutobala kunabwera woyendera kuchokera kubungwe lopereka masatifiketiwo. Anali bambo wofatsa. Anafunsa za zisoti ndi nsapato, za amene amaona ngati zida zili bwino, za chimene amachita munthu akavulala. Atafika pamene njira ya ngolo imadumpha njanji, anaima. Mizere ya munda inali itafika mpaka pamiyala.

Mawa lake a Victoria, amene ankayang'anira za chitetezo pakampanipo, anasonkhanitsa gulu lonse kudepoti.

"Anthu awa safuna zambiri," anatero. "Amangofuna aone kuti zimene timanena kuti timachita, tikuchitadi. Ife tinati m'mbali mwa njanji timasiya poyera. Pajapa chimanga chikakula, woyendetsa sitima sangaone ngolo, wangolo sangaone sitima. Akubweranso mu Febuluwale. Akadzapeza chimanga, satifiketi palibe, ntchito palibe, tonse tikalima fodya. Mundawo ndi wa yani?"

Anthu anayang'ana pansi. Wina anakhosomola.

"Ndi wa apongozi anga," anatero Bizwick.

"Kodi? Ndiye mwina ndipite ndine, a Kapitawo. Ndikawafotokozere bwinobwino asanadzale."

Bizwick anaganiza mmene zikaonekere, galimoto ya kampani itaima pakhomo pa aNambewe, anthu n'kumati mkamwini waitanira apongozi ake akuluakulu.

"Iyayi, madamu. Ndi nkhani yapakhomo. Ndiikonza ndine."

Amosi anamupeza akumata tayala la njinga pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu! Jekete lowalalo mukuoneka ngati chiphaniphani. Mwabwera ndi kangachepe kapena mwangobweretsa nkhope?"

"Ndabwera ndi mawu, alamu. Mukawauze amayi kuti akuntchito akudandaulako pang'ono za kamunda kakunjanji kaja. Ngati kungatheke, chaka chino asayandikize kwambiri."

Mawu oti chimanga chidzadulidwa anafika pakhosi, koma anawameza. Munthu sungatumize mawu otero kwa apongozi, ngati ukuwaopseza.

"Zazing'ono zimenezo," anatero Amosi. "Sitima yake iti? Ija imaoneka kamodzikamodzi ngati nyama m'nyumba mwanga?"

Amosi naye anali ndi ulemu wake. Atafika kwa mayi ake anaona kuti ngakhale mawu ofewawo ndi olemera kwa munthu amene waika mwana chaka chomwecho. Anati akuntchito kwa alamu akupereka moni, ndipo akuti m'tsogolo muno pangadzakhale kukambirana za munda wakunjanji. Anabwerera kwa Bizwick n'kunena kuti, "Amva."

Mvula itagwa, aNambewe anadzala. Mundawo unali wa Tisiyenji, ndipo mbewu yake inali yamakolo, imene Tisiyenji anasankha yekha pa zokolola zake zomaliza n'kuipachika pautsi. Bizwick anaona chimanga chikumera akudutsa ndi gulu lake. Anatumanso Amosi, Amosi anabweranso ndi yankho lomwe lija. Anaona chikufika m'mawondo, kenako m'chiuno. Mumtima ankati mwina woyendera uja adzachedwa mpaka anthu atakolola, poti zinthu zaboma ndi zamakampani sizisunga nthawi. Madzulo ankapesa Vainess tsitsi mmene akanathera, Mtendere akumuseka kuti akupesa ngati akupalira, ndipo nkhani ya munda ankaikankhira ku mawa.

Woyendera sanachedwe. Kutatsala masiku ochepa, a Victoria anabwera kudzaona malo onse amene anadandaulidwa. Anapeza chimanga chitamasula, chachitali kuposa munthu, chobiriwira bwino kuposa minda yonse yapafupi. Sanakalipe. Anaima pakati pa njanji ndi Bizwick. Ali chiimire anamva mawu a mwamuna akukusa ng'ombe, koma ngolo sanaione mpaka mitu ya ng'ombezo itatulukira m'chimangamo, pafupi penipeni. Pamwamba pa matumba panakhala mayi wobereka mwana.

"Mwaona nokha," anatero a Victoria motsitsa mawu.

"Ndaona, madamu."

"Ndingathe kuitana gulu la ku Chitedze lidzadule, inu musakhalepo."

"Iyayi. Alendo sadziwa pamene malire athera, adzadula ndi chosalakwa chomwe. Komanso ndikabisala, adzati ndatuma anthu. Ndidula ndine."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Bizwick anachita chimene anali asanachitepo. Anapita pakhomo pa apongozi ake, nanjuta kuseri kwa nkhokwe atafulatira khonde. ANambewe anali pakhondepo akusadzula nkhwani, ndipo atamuona anatembenukira kukhoma. Mtendere anaima pakati pawo.

"Mtendere," anatero Bizwick, "uwauze agogo ako kuti mawa tikudula chimanga chakunjanji. Kuyambira pamiyala mpaka pamtengo wa mthethe."

Mtsikanayo sanabwereze. Panalibe chifukwa, mawu anali atafika kale. Manja a aNambewe anasiya kusadzula.

"Uwafunse bambo ako kuti chalakwanji."

Bizwick anafotokozera nkhokweyo zonse: woyendera, satifiketi, ngolo yosaoneka, ntchito ya anthu onse a m'gulu lake.

"Uwafunse kuti anadziwa liti."

"Tisanadzale. Ndinatuma alamu."

"Amosi anandipatsa moni," anatero aNambewe. "Moni ndinalandira. Ndikanadziwa, mbewu ija ndikanakadzala kumtunda. Malo analipo. Ndinaithira yonse pamenepo poti ndi pamene mwini wake ankaikonda. Uwauze kuti adikireko pang'ono chikhwime, tipezeko ngakhale yodzala chaka chamawa."

"Woyendera akubwera Lolemba," anatero Bizwick.

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola tizinyenyeswa. Mtendere anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana agogo ake, kenako anathamangira kuseri kwa nyumba.

Anadula m'mawa, mame asanakamuke. Bizwick ndiye anayamba. Phesi lachiwisi silivuta, chikwanje chimangodutsa, ndipo fungo la madzi ake linadzaza ponseponse. Anzake ankadula osayimba, osacheza. Wina anasenda chisononkho chimodzi kuti aone ngati muli kanthu. Munali timaso toyera tosakhwima, tosati n'kuotcha, tosati n'kusunga. Azimayi a m'mudzi anabwera kudzatola mapesi a mbuzi. ANambewe anakhala pachulu chapatali atafunda chitenje kumutu, ndipo sanachoke mpaka mzere womaliza utagwa. Amosi anaima pambali pawo, manja ali kumbuyo, pakamwa pali gwa.

Lolemba woyendera anafika. Anaima pamalo paja, nayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo. Njanji inkaoneka mpaka pamene imakhotera. Anajambula chithunzi n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Anthu oyandikana ndi njanji mumawadziwitsa bwanji za zinthu ngati izi?" woyenderayo anamufunsa Bizwick.

"Timawauza, bwana."

"Nthawi ikadalipo?"

Bizwick anayang'ana zitsa za chimanga. A Victoria ndiwo anayankha. Anati apa panachedwa, ndipo kuyambira tsopano kampani izidzaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse mvula isanagwe, kuti mawu asamadzere mwa munthu mmodzi. Woyendera anati zimenezo ndi zabwino, ndipo anazilemba.

Sabata yomweyo a Hudson anaitanitsa abale. Ankhoswe a Bizwick anabwera panjinga kuchokera ku Kabudula. Anakhala pabwalo, amuna uku, akazi uko. A Hudson sanatukwane. Anati mwambo unachedwa kale, ndipo munthu amene wadula chakudya cha ana ake omwe m'mwezi wa njala, mudzi sungamumvetse ngakhale atafotokoza bwanji. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo, poti nthawi zonse ndi iwo ankaletsa.

ANambewe anafunyulula nsonga ya chitenje n'kuipindanso.

"Mwanayu si woipa," anatero. "Mwana wanga anamudwazika bwino, tonse tinaona. Za ngolozo ndamva, ndi zoona. Koma ine ndakhala ndikumuikira kumbuyo chaka chonse, iye osandikhulupirira ndi mawu amodzi oona. Lero ndilibe choti ndinene, achimwene. Chitani mwambo."

Bizwick anafuna kuyankha kuti sikunali kusakhulupirira, kunali kuopa. Koma mkamwini sayankha apongozi pabwalo. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, mmene amachitira munthu wolandira chigamulo.

Ku Kabudula sanapite, chifukwa cha ntchito. Anapeza kachipinda ka lendi ku Namitete, kuseri kwa chigayo. Satifiketi inabwera chimanga cha anthu ena chitauma. Anaiika m'galasi n'kuipachika kudepoti, ndipo tsiku limenelo aliyense analandira botolo la zakumwa ndi mabanzi awiri. Anzake anamugwira chanza, ena osamuyang'ana kumaso.

Lamulungu lotsatira anapalasa njinga kukaona ana. Amosi anamulandira kumsewu, namutengera njinga, namutulutsira mpando pansi pa mtengo. Nyumba imene anamanga inali pomwepo, chitseko chili chotsegula, koma munthu wosudzulidwa salowa. Mtendere anabwera ndi madzi akumwa m'kapu yagalasi imene amasungira alendo. Anagwada patali pang'ono, napereka moni wonse mwadongosolo, mmene anamuphunzitsira. Vainess sanadziwe zimenezo. Anangothamanga n'kudzakwera pamiyendo pake, nayamba kufufuza m'matumba a malaya.

Anacheza mpaka mthunzi unasuntha. Anafunsa za kusukulu, za chifuwa cha Vainess, za mbuzi imene inali ndi bere. Dzuwa litapendeka anaimirira n'kukutumula thalauza.

"Ababa, mukupita kuti?" anafunsa Vainess. "Simugona?"

"Kuntchito, mayi. Ndidzabwera Lamulungu."

"Lamulungu ndi mawa?"

"Si mawa."

Mtendere anamunyamula mng'ono wake, ngakhale anali atakula kale moti miyendo inkafika m'mawondo, ndipo anaperekeza bambo awo mpaka pamene mudzi umathera. Pamenepo anaima, poti agogo anati asamapitirire.