Chilumba cha Loweruka

"Ichi titaye kapena?" anafunsa Bassam, atanyamula mpira wa mapu a dziko lapansi ngati wanyamula chivwende chowola.

Ankafunsa amayi ake, Nawal. Anali atakhala pafupi ndi mbaula ya parafini, manja atawabisa m'juzi yakuda, akumvetsera amuna obwereketsa mipando akuitsitsa pamasitepe. Masiku atatu olandira opepesa maliro anali atatha dzulo lake. M'nyumba munkanunkhabe khofi wowawa ndi majekete onyowa ndi mvula, koma anthu onse anali atabwerera kumoto kwawo. Otsala anali ana ake awiri okha, Bassam wa ku Hamburg ndi Rudaina wa ku Abu Dhabi, ndipo nawonso masutikesi awo anali kale pakhomo la chipinda, kukamwa kuli yasa.

"Ubwezere pamwamba pa firiji," anatero Nawal.

"Amayi, unali wanga uwu ndili kupulayimale. Mayiko ena alembedwapa kulibenso."

"Ndati ubwezere, mwanawe."

Mpira umenewo ndi umene Fawzi, malemu mwamuna wake, ankasakirapo chilumba. Nkhaniyo inayamba zaka zitatu zapitazo, dokotala atanena kuti chifuwa cha Fawzi sichikugwirizananso ndi chisanu cha ku Amman, m'nyumba zamiyala izi zimene m'kati mumazizira kuposa panja. Ana anagwirizana, chinthu chimene sichinkachitikachitika, kuti atumiza makolo awo ku chilumba chotentha, akaothere dzuwa mpaka chisanu chithe. Ntchito ya Fawzi inali imodzi yokha, kusankha. Koma munthu amene anakalambira pachiwongolero cha takisi osazengerezapo pamphambano, pa nkhani ya chilumba anasanduka wina.

Loweruka lililonse masana ana ankayimba foni onse pamodzi, nkhope ziwiri zitapanikizana pakagalasi, aliyense atabwera ndi chilumba chake. Fawzi ankamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, kenako n'kutsokomola pang'ono.

"Ku Maldives? Ndamva kuti kulibe phiri ngakhale limodzi. Munthu wa ku Amman ukamuika pachidikha, miyendo imaiwala ntchito."

Ku Sri Lanka, ankati tsabola wake angamutsirize asanatsike ndege. Ku Mauritius, wina wake kometetsa tsitsi anamuuza kuti mphepo yake imanyamula mbuzi. Za ku Seychelles anakana atangomva kuti kuli akamba omuposa zaka. "Ndikapite ine kukagwadira kamba? Ndizikamupatsa moni m'mawa uliwonse ngati apongozi?" Ndipo mawu ake omaliza sankasintha: "Kafufuzeni bwino, ana inu. Mundiuze Loweruka."

Nawal ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa. Iye ankafunadi kupita. Ankafuna kuona mwamuna wake akupuma bwino, popanda kalikhweru kaja m'chifuwa. Chisanu chachitatu chitafika, chifuwacho chinamugoneka m'chipatala, ndipo sanabwerereko.

Kukhitchini, Rudaina anali kutsuka timakapu ta khofi mwaphokoso, ngati timakaputo ndi timene tamulakwira. Bassam anaika mpira uja pafiriji n'kuima pakhomo la khitchini.

"Ababa anadzipha okha ndi makani," anatero. "Pano akanakhala ali pamchenga akudya nsomba. Koma nawenso iwe, akangotsala pang'ono kuvomera changa, unkabwera ndi chilumba china."

"Ine? Achimwene, musandiyambe. Ndani anabweretsa za akamba? Munkangofuna apite kumene mwasankha inu, kuti muzikauza anzanu ku Hamburg kuti ndinu mwana wabwino."

"Iwe ukanakhala mwana wabwino bwenzi ukubwera. Kuchoka kwanu kufika kuno ndi ulendo ngati? Ndege imatera tiyi asanazizire."

"Nanga inu amene munaphonya maliro a bambo anu? Mwafika atakwirira kale!"

"Akanandidikira bwanji? Ukudziwa kuti maliro sagona."

"Zakwana," anatero Nawal motsitsa mawu.

Awiriwa anali otero kuyambira pa ukwati wa Rudaina, pamene Bassam ananena za mkwati mawu amene sabwezeka. Panadutsa zaka osalankhulana. Aliyense ankayimba payekha, pa Idi ndi pakamveka matenda, ndipo ankafunsa kaye ngati mnzakeyo wayimba kale. Nawal ankazikumbukira bwino zaka zimenezo. Ankayenda ndi foni m'thumba la epuloni tsiku lonse, n'kumaitulutsa kuti aone ngati yazima, chifukwa foni yamoyo singakhale chete chotero.

Tsopano mantha ake anali omwewo, ndipo anali aakulu kuposa a chisanu. Mlamu wake Intisar, mchemwali wa Fawzi, anali atamukumbutsa kale pamaso pa azimayi onse kuti mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku khumi, osapita ulendo, osagona kwina. Nawal sankatsutsa zimenezo. Anaziona amayi ake akuchita, ndipo iyenso akanachita popanda womukumbutsa. Chimene chinkamuvuta chinali chakuti miyezi imeneyo inali chisanu chonse, m'chipinda chimodzi ichi, iye ndi mbaula basi. Mawa ana adzakwera ndege zawo, wina kumpoto wina kummawa. Ankayimba chifukwa cha bambo awo. Bambo awo kulibe, adzayimbiranso chiyani?

Chakudya cha masana anadyera pathebulo laling'ono pafupi ndi mbaula, mpunga ndi nyama ya nkhosa zimene aneba anabweretsa. Mpando wa Fawzi palibe anakhalapo. Rudaina anasenda lalanje, ndipo mosaganiza anaika makoko ake pamwamba pa mbaula monga ankachitira bambo ake. Fungo litakwera, anatembenukira kuzenera n'kupukuta mphuno.

Bassam anayeretsa kukhosi. Zinkaoneka kuti awiriwa anakambirana chinachake pakhonde, pakuti aliyense ankapewa maso a mnzake ngati anthu amene agwirizana mokakamizika.

"Amayi, taganiza. Nthawi yanu yokhala m'nyumba ikatha, mupite ndithu ku chilumba. Mupite ndi azakhali a Intisar, akakuperekezeni."

"Tasankhiratu," anawonjezera Rudaina. "Ku Zanzibar. Kuli mizikiti, chakudya chake simukachikayikira, ndipo anthu ake khofi amamudziwa. Ngakhale ababa sanapezepo chifukwa chenicheni, anangoti udzudzu."

"Ine ndikonza za ndege, uyu akonza za kogona, aliyense payekha, sitisowanso kukokanakokana," anatero Bassam. "Mungovomera basi, nkhani ithe. Zaka zitatu Loweruka langa lonse lakhala likuthera pa zilumba. Ana anga mpaka amati bambo ali kusukulu ya agogo."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa, wopanda choipa mumtima. Nawal anatsegula pakamwa kuti avomere. Akanakana bwanji? Si zimene ankafuna nthawi yonseyi? Koma mawu aja akuti nkhani ithe anamukhala pachifuwa ngati mwala wozizira. Anayang'ana pathebulo. Chitini cha shuga chinali pamalo ake akale, kumbali ya mpando wa Fawzi, pamene chinadinda kale chizindikiro chozungulira pansalu yapulasitiki. Pa chitini chimenecho ndi pamene Fawzi ankatsamiritsa foni Loweruka lililonse.

Ndipo anayamba kukumbukira zinthu zimene ankaziona osaziganizira. Mkati mwa sabata Fawzi mpira uja sankaukhudza n'komwe, moti unkachita fumbi. Koma Loweruka m'mawa ankautsitsa, n'kutenga galasi lake lokulitsira zilembo, n'kumauzungulitsa akung'ung'udza ngati mwana wokonzekera mayeso. Akapereka chifukwa chake chija, ana n'kuyamba kukuwa onse pamodzi, iye ankadzuka. "Lankhulani ndi amayi anu, mwina iwo akumvani," ankatero, n'kupita kukhitchini kukaphika tiyi. Tiyi wa Loweruka ankachedwa kupsa modabwitsa. Nawal ankatsala ndi ana ake, akumva za zidzukulu, za mano ophuka, za bwana wovuta wa Rudaina, mpaka foni kutentha. Fawzi ankabwera ndi tiyi pomwe akutsanzikana, kudzangoponya mawu ake aja a Loweruka.

Nawal anamva mkwiyo ndi chisoni zikukwera pamodzi, osadziwa choyamba n'chiti. Munthu wopusa iwe, anatero mumtima. Unkatsokomola mpaka kugwira khoma, dzuwa akukupatsa laulere, iwe n'kumakana chifukwa cha foni ya m'thumba la epuloni yanga. Akanakhala pampando wakewo akanamukalipira mpaka aneba kumva. Koma pampandopo panali bulangete lake lokha, lopindidwa bwino.

"Amayi?" anatero Rudaina. "Mwatani?"

Nawal anawongola nsalu yakumutu. Anatsokomola pang'ono, ngakhale pakhosi pake panalibe kanthu.

"Ku Zanzibar," anatero pang'onopang'ono. "Ndamva kuti tinjira take n'topanikiza kwambiri. Azakhali anu a Intisar mukuwadziwa thupi lawo. Akakakamira pakati pa makoma awiri, ndikawakoka ndi ndani ine?"

Bassam anagwetsa supuni m'mbale. "Ayi, ayi, amayi. Inunso? Mulungu wanga, matenda amenewa ndi opatsirana?"

"Ndangofunsa. Munthu asafunse?"

"Tinjira timeneto anthu amadutsamo tsiku lililonse! Simukakhala m'tinjira, mukakhala kunyanja!"

"Ndiye ukafufuze bwino. Ine sindingapite kumalo kumene sindikudziwa m'lifupi mwa njira zake."

Rudaina sanaseke ndipo sanakalipe. Anayang'ana amayi ake nthawi yaitali, kenako anayang'ana chitini cha shuga, kenako mpando wopanda munthu uja. Anatola khoko lina la lalanje n'kumalipindapinda m'manja.

"Mwina akunena zoona, achimwene," anatero, mawu ali osasa. "Ine Zanzibar sindinkaifuna kwenikweni. Pali china chimene ndinawerenga, cha ku Thailand."

"Iwe! Si tagwirizana pakhonde pompano?"

"Ndasintha maganizo. Ndikuuzani Loweruka."

"Loweruka ndili ndi zochita!"

"Muzisiye. Mukapanda kuyimba, amayi apita kumene ndasankha ine."

Bassam anakweza manja kumwamba ngati wopempha mvula, akudandaula m'Chijeremani, ndipo Nawal anamuwonjezera nyama m'mbale.

Ananyamuka m'mawa mwake, mvula ikuwaza. Takisi imodzi inawatenga onse awiri, akukangana za amene akhale kutsogolo. Nawal sanatsike nawo. Anaima pazenera mpaka galimoto inakhota kumunsi kwa phiri, kenako anatembenuka n'kupeza nyumba yakula. Masiku otsatirawo anali aatali. Ankamva galimoto yogulitsa gasi ikudutsa ndi kanyimbo kake, ankamva kuitana kwa kumzikiti, ankamva madzi akuyenda m'mipope ya aneba. Intisar anabwera kamodzi, anawerenga naye mapemphero, n'kumuuza kuti makatani akufunika kuchapa. Kawiri konse Nawal anatulutsa matambula awiri a tiyi, n'kubwezera imodzi m'kabati. Kusungulumwa kunali kwenikweni, ndipo sikunkachepa.

Loweruka linafika ndi chisanu choluma zala. Nawal sankadziwa ngati ayimbadi. Bassam anali atanena kuti ali ndi zochita, ndipo Bassam akanena amakhala watanthauza. Komabe anakwera pakampando n'kutsitsa mpira uja pafiriji, anaupukuta ndi epuloni, n'kutenga galasi la Fawzi m'dirowa. Thailand anamupeza movutikira. Tizilumba take tinali ting'onoting'ono ngati nyenyeswa za buledi, ndipo anakhala nthawi akutiyang'anitsitsa, akusaka chimene munthu angatinenere. Sinali ntchito yophweka. Anazindikira kuti malemu ankakhetsa thukuta.

Masana atayandikira anawonjezera parafini m'mbaula, anaikapo makoko a lalanje, n'kupukuta galasi la foni ndi mkono wa juzi. Aka kanali koyamba kuti aiike yekha. Anakhala pampando wa Fawzi kuti aitsamiritse pachitini cha shuga, pa chizindikiro chake chija, koma foni inaterereka. Anayesanso, inatererekanso. Atayang'anitsitsa anaona kuti chitinicho chinali chopindika mbali imodzi, pamene chala chachikulu cha munthu chinachikanikiza dala kuti pakhale potsamira. Anaika foni m'malo opindikawo ndipo inakhazikika nthawi yomweyo. Koma atakhala pampando wa Fawziwo ankangoona m'mbali mwake mokha. Galasi lonse linaloza kumpando wake wa iye Nawal.

Anakhala pomwepo kanthawi, dzanja lili pabulangete la mwamuna wake. Kenako anadzuka, anazungulira thebulo, n'kukakhala pamalo pamene Fawzi anamukonzera. Foni itayamba kulira, anapukuta maso msangamsanga, n'kutsokomola pang'ono kuti akonze mawu.