Chuku mu Mtedza wa Alamu

Kwawo onse ankamutchula mayiyu kuti Dokotala, ngakhale anali asanabayepo munthu jakisoni. Ntchito yake inali mu labu yopima zakudya, momwe ankatha tsiku lonse akuyang'ana chuku chomera m'timbale tagalasi.

Lolemba lina m'mawa alamu ake, amuna awo a achemwali ake, anatulukira pakhomo la labuyo jumbo ili m'manja. Iwowa anali ndi kafakitale ka chiponde cha m'mabotolo. Denga la mosungiramo katundu linali litadontha dzinja lonse, ndipo oyendera zakudya ankafuna chikalata chonena kuti mtedza wawo ndi wabwino.

"Mungoonako pang'ono, alamu," anatero. "Ndi kachinyezi chabe."

Dokotala atamasula jumboyo, fungo linamumenya ngati la masokosi onyowa amene agonera m'nsapato sabata yonse. Mtedzawo unali utamatana m'zibuma, utakutidwa ndi ufa wobiriwira. Anakoka msanga kansalu kake kutseka mphuno, namangiranso jumboyo.

"Paja tsiku lija patebulo munati chuku china chilibe majini," anapitiriza alamuwo. "Changa n'chomwecho. Ine ndimapemphera, majini kwanga sayandikira." Anaseka okha mpaka kugwira mimba.

N'zoona kuti Dokotala anali atanenapo, akufotokozera ana a achemwali ake za ntchito yake. Majini amene ankanena iye si ziwanda ayi, ndi tizigawo ta malangizo achibadwa, tondandalikidwa pa DNA ngati mikanda pa ulusi. Mu chuku cha mtundu uwu, majini opanga poizoni wowononga chiwindi sakhala mobalalika. Alipo pafupifupi makumi atatu, onse pamalo amodzi, mogundana. Limodzi mwa iwo likadzutsa anzake, amayamba kupatsirana ntchito, ili kuyamba, ilo kuwonjezera, mpaka poizoniyo atatheka. Koma pali chuku china chofanana nacho nkhope, chomwe gulu limeneli linaduka pakati, ndiye sichipanga kanthu. Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, alamuwo anatolapo chomalizachi chokha.

Dokotala anapima mtedzawo monga amapimira wa aliyense. Pofika Lachisanu zotsatira zinali pa kompyuta. Gulu lonse la majini aja linalipo, osasowa ndi limodzi lomwe, ndipo poizoni mu mtedzamo anali wochuluka moti anabwereza kupima, poganiza kuti makina asokonezeka.

Loweruka masana anapita kufakitale kukawauza pamaso. Ali pageti anamva fungo la mtedza wokazinga, koma pansi pake panali lija la masokosi. Kuseri, amayi anayi anali atawerama pa migolo yodula pakati, akupikicha mtedza ndi manja osavala kanthu. Madzi ake, amtundu wa ndulu, ankayenda m'ngalande mpaka kumsewu. Wotsukidwa kale unali utayanikidwa pa simenti, ntchentche zili nyomi. Chigayo chinali chikulira. M'kati, achemwali ake anakhala pa mpando wapulasitiki akumata mapepala pa mabotolo, pepala lililonse lili ndi chithunzi cha mwana wonenepa akunyambita supuni.

"Mwayamba kale kugaya?" anafunsa Dokotala.

"Kuyambira Lachiwiri," anayankha alamu ake akupukuta manja. "Chikalata chija mwabwera nacho?"

"Chikalata chilipo, koma sichikunena zimene mukufunazo. Chuku chanu chili ndi majini onse. Mtedzawu ndi wotaya, matumba onse."

"Iii, alamu, tikutsukatu. Kenako tikukazinga. Moto umapha chilichonse."

"Umapha chuku. Poizoni amatsala momwemo."

Alamuwo anayang'ana kudenga, kenako anatsitsa mawu. "Ndiye mungolemba kuti gulu lija linaduka. Mzere umodzi basi. Ndani angakatsegule kompyuta yanu?"

Dokotala anatembenukira kwa achemwali ake, akuyembekeza kuti alankhulapo. Iwo anapitiriza kumata, akusalaza pepala ndi chala chachikulu.

"Achemwali, izi ana anu adya?"

"Usadandaule za anawo," anayankha modekha, ngati akumutonthoza. "Chiponde chawo ndimagula kusitolo. Chichitikireni cha denga lija sindinalowetse botolo la kuno m'nyumba mwanga."

Dokotala anatuluka osatsanzika, nakalavula m'ngalande muja, momwe madzi obiriwira ankadutsa pafupi ndi nsapato zake. Amayi otsuka aja anadzutsa mitu kumuyang'ana, manja awo atatuwa ndi kukwinyika.

Lolemba Dokotala anatumiza zotsatirazo kwa oyendera zakudya monga zinalili, nalembanso pansi pake kuti mtedzawo wagayidwa kale. Lachinayi fakitale inatsekedwa ndi loko, ndipo mabotolo anayamba kuchotsedwa m'masitolo. Mayi ake anamuimbira foni kumufunsa ngati sukulu yonse ija anaiphunzirira kuchititsa manyazi abale. Achemwali ake sanaimbe n'komwe.

Patapita sabata, mlonda wa pageti la labu anamuitana kuti kwabwera mlendo. Anali mmodzi mwa amayi otsuka aja, atavala zake zapaulendo, atafumbata chigubu chakale cha mafuta ophikira chodula kukamwa. Munali chiponde chakuda, mafuta atayandama pamwamba.

"Pepani, amayi, ndakusokonezani pantchito," anatero mlendoyo. "Abwana ankatipatsa zokokota m'chigayo kuti tizikapatsa ana. Tsono anthu akuyankhula zambiri. Ndati ndimve kwa eni ake."

Dokotala analandira chigubucho ndi manja awiri. Fungo lake linamufika pakhosi, koma sanatseke mphuno pamaso pa mayiyo. Anawalowetsa, nawapatsa mpando wake womwe, iye n'kukhala pa kabokosi. Anawauza kuti asadyenso, ndi kuti awauze anzawo atatu aja tsiku lomwelo. Kenako anatenga pepala loti awalembere kalata yopita nayo kuchipatala.

"Ana ndi angati, amayi?"

"Atatu. Wamng'ono ndi amene amachikonda kwambiri, amachita kudya ndi chala."

"Nanga anayamba liti kudya?"

Mayiyo anawerenga pa zala zake zosupukazo, nanena kuti sabata ino ndi yachitatu.