Cheke Chokhomeredwa mu Kabati

"Ine ndakonzapo mainjini ku Lagos, ku Dubai, ku Maracaibo, ndipo palibe munthu wa tayi amene anandipusitsapo," anatero Alcide Guidry, akugogoda tebulo ndi sipanala. "Palibe! Ndiye kapepala aka kandigwetse lero?"

Claudette, mlamu wake amene ankayang'anira ofesi, sanadzutse n'komwe mutu. "Alamu, ndi cheke basi. Anthu ena akalandira cheke amathokoza."

Chinalidi cheke, cha madola 2,863 ndi masenti 50, chochokera ku kampani ya inshuwalansi imene inkalipirira antchito a Alcide kuchipatala. Kalata yake inati lamulo latsopano la zaumoyo likufuna kuti pa madola khumi alionse amene kampani yatolera, asanu ndi atatu azipita kwa odwala, apo ayi ibweze. Koma Alcide anayamba kukonza maboti ku Houma ali ndi bokosi limodzi la zitsulo, tsopano anali ndi antchito 23, ndipo zaka zonsezo anali asanaonepo a inshuwalansi akubweza ngakhale senti.

"Anthu awa amakangana nawe pa bandeji," anatero. "Lero andikondera chiyani? Ndikangochisintha, mawa adzati ndavomera kuti mgwirizano wathu watha. Ndiye Vernice amulipirira ndani?"

Vernice anali mkazi wa Odell Batiste, makaniko wamkulu wa pamalopo. Impso zake zinasiya kugwira ntchito, ndipo katatu pa sabata ankakhala pa makina osefa magazi, pa chipatala chaching'ono chomwe chinali mphindi khumi kuchokera kwawo. Ndalama zonsezo zinkachokera ku inshuwalansi ya kuntchito kwa mwamuna wake.

Alcide anakhomera chekecho mu kabati, kiyi n'kuponya m'thumba. "Osauza munthu. Odell ali ndi zokwanira kale zomusowetsa tulo."

Chimene sankadziwa n'chakuti kampaniyo inatumizanso kalata kunyumba kwa wantchito aliyense.

Masabata atatu anadutsa. Alcide anayamba kuona kuti akalowa m'shedi, macheza ankazima. Lolemba lina masana anapeza antchito akudya mpunga wa nyemba pansi pa fani yaikulu yopemerera mphepo, ndipo palibe anamusendezera mpando.

"Bwana, matayala a galimoto yanu akuwala bwanji!" anatero Junius, wowotcherera zitsulo. "Atsopano eti? Enafe athu anatha, tikuyenda pa nsalu."

"Ndinagula mu Juni, iwe chimutu."

"Aaa, mu Juni. Pepani, ndimayesa mwezi uno."

Palibe anaseka. Odell anapukuta manja, natulutsa kalata yopindidwapindidwa m'thumba la ovololo, n'kuiyala pa mgolo wa mafuta.

"Akuti anakutumizirani ndalama, ndipo gawo lina ndi lathu," anatero. "Ine za gawolo sindikuzifuna. Ndikufunsa chimodzi. Munthu amabwezeredwa ndalama akasiya chinthu. Mwatichotsa pa inshuwalansi?"

"Odell! Ine?"

"Inuyo. Vernice wayiwerenga kalatayi mpaka yatha m'makona. Akapita pa makina amayang'ana nkhope ya namwino, kudikira tsiku limene adzamubweze pakhomo."

Alcide anafotokoza za kabati, za mantha ake, koma mawuwo akutuluka ankamveka ngati bodza lopeka pomwepo, ngakhale kwa iye mwini. Junius ankangotokosa m'mano.

"Chabwino," anatero Alcide. "Lachitatu ndimuitana munthu wawoyo. Iwe Odell udzakhalepo, udzamve ndi makutu ako."

Munthu wawoyo anali Kip Lassiter, wogulitsa inshuwalansi, mnyamata wa mano oyera ndi nsapato zosayenera kuponda pamalo pa girisi. Anafika ndi bokosi la madonasi, ndipo atamva nkhani ya kabati anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Bambo Guidry, inu ndiye! Chekecho n'choyera. Boma latikakamiza, ifenso sitinafune. Kasintheni lero lomwe." Anatsegula chikwama. "Mungosaina apa kuti mwalandira, ndi apa, ndi apa, timalize zonse pamodzi ndisakuvutitseninso chaka chino."

Anapereka cholembera. Odell anayang'ana bwana wake ndi diso lonena kuti, mwaona, munkangotivutitsa. Alcide anatenga mapepalawo, koma m'malo mosaina anawayeza m'dzanja ngati akuyeza nsomba.

"Kunena kuti ndalandira ndi mzere umodzi," anatero. "Awa ndi masamba asanu ndi limodzi. Ena onsewa akulandira chiyani?"

"Ndi mgwirizano wa chaka chamawa basi. Wotchipa, bambo. Ndakumenyerani nkhondo."

"Wotchipa. Alamu, tawerengani mokweza. Yambirani kumapeto, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono."

Claudette anavala magalasi. Anawerenga za mankhwala, za mano, za maso, Kip akusuzumira wotchi. Kenako anafika pa mndandanda wa zipatala zololedwa. Anautsika ndi chala, n'kubwereranso pamwamba.

"Cha Vernice palibe," anatero. "Makina osefa magazi apafupi ali ku New Orleans."

"Ola lathunthu kupita, ola kubwerera," anatero Odell pang'onopang'ono. "Katatu pa sabata. Akachoka pa makina aja sangathe n'kuima komwe. Azimuyendetsa ndani, ine ndili pano?"

Kip anatambasula manja. "Tamverani, lamuloli latifinya tonse. Ndalama tikubwezazi ziyenera kuchokera penapake. Ndipo kunena zoona, gulu lanu lonse ndi la anthu athanzi. Mtengo ukukwera chifukwa cha munthu mmodzi yekha."

"Munthu mmodziyo mwamuna wake ndi uyu wakhala apayu," anatero Alcide. "Muuze wekha."

Kip anayang'ana madonasi.

"Mgwirizano wakale ulipobe?" anafunsa Alcide.

"Ulipo, koma chaka chamawa ukwera kwambiri."

Anatchula mtengo. Claudette anaimba kamluzu. Alcide anayang'ana pawindo, pamene panali kireni yakale yonyamulira maboti imene chaka chonse ankauza aliyense kuti aisintha ikafika Januwale. Ndalama zogulira yatsopano ndi zomwe zikanalipira mtengowo.

"Wakalewo," anatero. "Zokwerazo ndilipira ine, antchito asawonjezere kanthu. Ndipo iwe Kip, tenga cholembera chakochi. Lemba ndi dzanja lako kuti kusintha cheke sikukhudza mgwirizano. Dzina lako pansi, ndi tsiku."

"Bambo Guidry, sipafunika zimenezo."

"Ukandiuza kuti sipafunika, m'pamene ndikuzifuna. Lemba."

Kip analemba. Odell anatenga pepalalo, naliwerenga kawiri milomo ikugwedera, n'kulipinda kulowetsa m'thumba mwake. Alcide anatsegula pakamwa kuti anene kuti pepalalo ndi la ofesi, koma anangotsekanso.

Lachisanu madzulo Claudette anayala maenvulopu patebulo la m'shedi. Theka la chekecho linali la antchito, poti theka la inshuwalansi ankadulidwa pa malipiro awo. Junius anatsegula yake, n'kuigwedeza mozondotsa ngati muli zina zotsalira.

"Mwezi wonse tikudana chifukwa cha timakobiri iti? Ine ndimayesa ndigula boti!"

Onse anaseka, Alcide kuposa onse, ndipo anayamba kale kusimba mmene anamugwirira Kip, masamba aja atafika khumi ndi awiri. Odell yekha ndiye anatsalira kumbuyo mpaka anzake atatuluka.

"Vernice akuti zikomo," anatero. "Akutinso mukanangonena tsiku loyamba lomwe lija."

"Ndinkafuna kuti usade nkhawa."

"Ndinada nkhawa masabata atatu, bwana. Ndekha."

Malipiro ake Odell sankawerenga, ankangoponya m'thumba n'kumapita. Tsiku limenelo anang'amba envulopu pamaso pa Alcide, nayala ndalamazo pa tebulo, n'kuziwerenga ndi chala imodziimodzi. Alcide anaima chilili, kudikira mpaka amalize. Zinakwana: madola 62 ndi masenti 25.