Moni wa a Sitima

Tsiku limenelo mvula inakata m'mamawa, dzuwa n'kutuluka lolusa. A Sitima a ku Nkhulambe anaima pansi pa mango n'kumayang'ana mitolo ya mitengo ya chinangwa imene anadula. Nsonga zinali zitayamba kuuma. Ikanauma yonse palibe akanadzala, ndipo mbewu ya chinangwa cha manyokola imene malemu akazi awo, a Belita, anaisamala zaka zonsezi ikanathera pamoto ngati nkhuni.

Kale wogulitsa anali a Belita. A Sitima ntchito yawo inali kudula ndi kumanga.

Wakabaza wina anali atawapatsa manambala a alimi a ku Chiwalo ndi kumunsi kwa Michesi, anthu amene sanaonanepo nawo. Kwa aliyense a Sitima analemba uthenga umodzimodzi: "Mwadzuka bwanji?" Basi. Munthu woleredwa safika pakhomo n'kuyamba ndi malonda. Amapereka moni, amadikira mpando, eni khomo afunse okha chimene wadzera.

Anadikira. Ambiri sanayankhe. Wina anafunsa kuti ndinu ndani, iwo n'kuyankha kuti ndine Sitima, nkhani n'kuthera pomwepo. Winanso analemba kuti akuba a pafoni tikukudziwani, ndipo Mulungu akukuonani. A Sitima anamuyankha kuti zikomo.

Chakumasana kunatulukira a Fainess, mng'ono wawo wa malemu, akuchokera kuchigayo. Anagwira nsonga ya mtengo umodzi, n'kupempha foni. Anawerenga mauthenga onse osaseka.

"Alamu, mukugulitsa moni kapena chinangwa?"

A Sitima anati iwo sanaleredwe pamsika.

A Fainess anawakumbutsa kuti a Belita nawo sanaleredwe pamsika, koma potuluka m'tchalitchi ankayamba ndi manyokola, za ana ndi matenda ankafunsa munthu atasenza kale mtolo. Anawonjeza kuti pafoni palibe mpando. Munthu sakuonani nkhope, sakuona mitolo, akungoona nambala yachilendo imene ikufuna kudziwa mmene wagonera.

"Muuzeni muli ndi chiyani, ndi ndalama zingati, chimufika bwanji. Akafuna kukudziwani, adzakudziwani mukutsitsa katundu."

A Sitima anatenga foni n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi. A Fainess anati achotseko mawu akuti pepani, anachotsa. Anati moni achotsenso, a Sitima anakana. Anakangana pang'ono, ngati kukhala chete kwa munthu mmodzi kungatchedwe mkangano. Pomaliza moniwo anangousunthira kumapeto.

Uthenga unati: "Ndikugulitsa mitengo ya chinangwa cha manyokola, yodula kumene, yopanda matenda. Mtolo ndi K3,000. Ndibweretsa ndekha panjinga. Ndine Sitima wa ku Nkhulambe. Mwadzuka bwanji?"

A Fainess anati dzuwa lili pamutu, anthu anadzuka kalekale. A Sitima anatumiza choncho.

Foni inalira a Fainess asanasenze ufa wawo. Anali munthu uja wonena za akuba. Analemba kuti akufuna mitolo iwiri lero lomwe nthaka ikadali yonyowa, ndipo akafika ku Chiwalo afunse kwa a Eneya. Pansi pake anaikapo kuti: "Tadzuka bwino, kaya inu."

A Sitima anawaonetsa alamu awo mzere womalizawo. Anapopa njinga, anamanga mitolo iwiri pakaliyala, n'kuuyamba wa ku Chiwalo.